Masiku 5 okha a radiotherapy: kodi akulu anga akuwachepetsera thandizo?

Funso

Adokotala, ine ndimakhala ku Leicester, ku England. Akulu anga, a zaka 54, anawapeza ndi khansa ya bere lakumanzere. Mwezi watha anawachotsa chotupa, bere analisiya. Tsopano akuti akawawotcha ndi cheza cha makina (radiotherapy) masiku 5 okha, pamene azakhali athu atatumizidwa ku India ndi matenda omwewa anawotchedwa masabata 5 athunthu. Nesi wawapatsanso mapepala oti alowe m'kafukufuku, akuti kompyuta ndiyo idzasankhe gulu lawo. Abale kumudzi akuti akane, azungu akufuna kuyeserapo zinthu zawo. Kodi akuwachepetsera thandizo? Nanga asaine?

Yankho

Achemwali, pepani ndi matenda a akulu anu. Mwafunsa zinthu ziwiri, ndipo ndikuona kuti pabanja panu zasakanikirana mpaka zikuoneka ngati chinthu chimodzi. Tizilekanitse. Masiku 5 aja si kafukufuku ayi. Ndi thandizo lokhazikika limene zipatala za boma za ku Britain (NHS) zakhala zikupereka kuchokera mu 2020, ndipo mu 2023 bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a kachiritsidwe ku England, linanena kuti amenewa ndiwo masiku oyenera kwa amayi ambiri amene akuwotchedwa bere kapena chifuwa popanda kukhudza m'khwapa. Mayi wachizungu amene adzakhale pampando woyandikana ndi akulu anu podikira kuitanidwa adzalandira masiku 5 omwewo. Mapepala a nesi ndi nkhani ina, tifikako. Ndiyambe ndi kumene masiku 5 amenewa anachokera, chifukwa mukaidziwa mbiri yake, mapepala aja muwawerenga mtima uli m'malo.

Dokotala wa opaleshoni amachotsa chimene maso ndi makina akuona. M'bere lotsalalo mutha kutsalira maselo a khansa owerengeka amene palibe sikani ingawapeze, ndipo ntchito ya radiotherapy ndi kutha amenewo. Mu 2011 akatswiri a ku Oxford anasonkhanitsa zotsatira za amayi 10,801 a m'makafukufuku 17. Mwa amene anangochotsedwa chotupa basi, 35 pa 100 alionse khansa inawabwerera pasanathe zaka 10. Mwa amene anawotchedwanso, inabwerera kwa 19 pa 100. Pofika zaka 15, omwalira ndi khansayo analinso ochepa m'gulu lowotchedwa, pafupifupi 21 pa 100 m'malo mwa 25. Choncho zoti akulu anu awotchedwe, pamenepo palibe chokayikitsa. Chimene madokotala akhala akulimbana nacho kwa zaka zambiri ndi kagawidwe kake.

Cheza chochokera m'makina chimathyola DNA, malangizo amene ali mkati mwa selo lililonse. Chimathyola m'maselo a khansa ndi m'maselo abwino omwe, koma maselo abwino amadziwa kudzikonza m'maola ochepa kuposa a khansa. M'zaka za m'ma 1920, Claudius Regaud wa ku Paris ankayesa kuchititsa nkhosa zamphongo kuti zisabereke pogwiritsa ntchito cheza. Akapereka mlingo wonse kamodzi, khungu linkapsa n'kukhala zilonda. Akaugawa pang'onopang'ono kwa masiku ambiri, nkhosa zinkasiya kubereka koma khungu n'kukhala bwinobwino. Kuchokera apo ukatswiri wathu wonse unakhazikika pa lamulo loti pang'ono tsiku lililonse, kwa nthawi yaitali. Mlingo wa cheza timauyeza m'ma gray, ndipo pa bere chizolowezi chinakhala 2 gray patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, masiku 25, zonse pamodzi 50 gray. Azakhali anu analandira zimenezi.

Panali chifukwa chinanso chimene madokotala ankaopera kufupikitsa masiku, ndipo sindikubisirani. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, zipatala zina za ku Britain, pofuna kuti makina ochepa athandize anthu ambiri, zinkapereka mlingo waukulu pamasiku ochepa koma osatsitsa mokwanira mlingo wonse. Kwina wodwala ankasunthidwa pakati pa kuwotcha bere ndi kuwotcha m'khwapa, motero malo ena pafupi ndi phewa ankalandira cheza kawiri. Patapita zaka, amayi ena anayamba kumva dzanzi ndi ululu woyaka m'mkono, ena mkono unafa ndithu, chifukwa mitsempha imene imayendetsa mkono inali itawonongeka. Mu 1991 amayiwo anapanga bungwe lawo lotchedwa RAGE kuti boma liwamve. Palibe anawaika m'kafukufuku amayi amenewo. Anavulala ndi njira imene inangoyambika chifukwa inkaoneka yothandiza, popanda wina kuiyesa mwadongosolo n'kutsatira odwala kwa zaka. Mfundo imeneyi muisunge.

Munthu amene analimba mtima kubwereranso ku funsoli ndi John Yarnold wa ku chipatala cha Royal Marsden ndi Institute of Cancer Research ku London. Chimene aliyense ankakhulupirira chinali chakuti mnofu wabwino ndiwo umavulala kwambiri mlingo wa patsiku ukakula, pamene khansa siisamala kaya mwaipatsa 2 gray kaya 4. Zikanakhala choncho, kugawa pang'onopang'ono kukanakhala kopambana nthawi zonse. Yarnold ankakayikira kuti khansa ya m'mawere ndi yosiyana, kuti nayonso imagwedezeka kwambiri mlingo wa patsiku ukakula, pafupifupi mofanana ndi mnofu wa bere. Ngati zili choncho, masiku 25 sakupindulitsa kanthu kuposa masiku ochepa, malinga mlingo wonse utsitsidwe bwino. Anayamba kuyesa mu 1986 ndi amayi 1,410, ndipo anadikira zaka zambiri asananene kanthu, chifukwa kuuma kwa bere kapena kuwonongeka kwa mitsempha sikuoneka chaka choyamba.

Zotsatira zitamulimbikitsa, panabwera makafukufuku awiri aakulu otchedwa START. Mu START-B, pakati pa 1999 ndi 2001, amayi 2,215 anagawidwa mwamaere. Theka linalandira 50 gray pamasiku 25, theka linalo 40 gray pamasiku 15. Patatha zaka 10, khansa inali itabwerera pabere kapena pafupi nalo kwa 5.5 pa 100 a masiku 25, ndi 4.3 pa 100 a masiku 15. Kufota kwa bere, kutupa ndi timitsempha tofiira toonekera pakhungu zinali zochepa m'gulu la masiku 15. Ku Canada, Timothy Whelan wa ku Hamilton anayesa masiku 16 pa amayi 1,234 n'kupeza zofanana: 6.2 pa 100 poyerekeza ndi 6.7 pa 100 a masiku 25. Masabata 3 anakhala thandizo lokhazikika ku Britain.

Kenako panabwera FAST-Forward, amene ndiye mwini wake wa masiku 5 a akulu anu. Anatsogolera ndi Murray Brunt, dokotala wa khansa ku Stoke-on-Trent. Kuyambira 2011 mpaka 2014, odwala 4,110 a m'zipatala 97 za ku Britain anavomera kugawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linalandira 40 gray pamasiku 15, lachiwiri 27 gray pamasiku 5, lachitatu 26 gray pamasiku 5. Ofufuza analemberatu asanayambe malire amene akanati njira yatsopano yalephera, kuti asadzasinthe mawu ataona zotsatira. Chaka ndi chaka madokotala ankapima mawere a odwalawo, ena ankajambulidwa zithunzi kuti anthu osadziwa gulu lawo aziyerekeze, ndipo amayiwo ankayankha okha mafunso onena za ululu, kuuma ndi maonekedwe. Patatha zaka 5, khansa inali itabwerera m'bere kwa 2.1 pa 100 a masiku 15, 1.7 pa 100 a 27 gray, ndi 1.4 pa 100 a 26 gray. Kusiyana kumeneku n'kochepa moti sitinganene kuti masiku 5 ndi opambana, koma tinganene motsimikiza kuti si otsika. Zotsatirazi zinatuluka mu April 2020, mliri wa Covid uli pachimake, nthawi imene ulendo uliwonse wa kuchipatala unali woika moyo pachiswe, ndipo zipatala zinazitenga mofulumira.

Apa ndikufuna muimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali choonadi chonse cha kafukufuku. Pakati pa 26 ndi 27 gray pali gray imodzi yokha. Koma pa zaka 5, kusintha koonekeratu kwa bere, monga kuuma, kufota kapena kupindika, kunapezeka kwa pafupifupi 10 pa 100 a masiku 15, 12 pa 100 a 26 gray, ndi 15 pa 100 a 27 gray. Gray imodzi imeneyo palibe katswiri akanaidziwa pongoganiza ali mu ofesi. Inadziwika chifukwa amayi oposa 1,300 anagwera m'gulu la 27 gray, ndipo ena mwa iwo lero ali ndi bere louma kuposa mmene likanakhalira akanagwera gulu lina. Khansa yawo inathetsedwa mofanana ndi anzawo, koma mtengo wa chidziwitsocho analipira ndi matupi awo. Akulu anu akulandira 26 osati 27 chifukwa cha amayi amenewo. Ndikamauza wodwala za kafukufuku, sindinena kuti palibe chimene angataye, chifukwa likanakhala bodza.

Mwina mukufunsabe kuti 26 ingafanane bwanji ndi 50. Nambala ziwirizi sizingayerekezedwe mwachindunji. Patsiku azakhali ankalandira 2 gray, akulu anu azilandira 5.2. Mlingo waukulu woperekedwa kamodzi umawononga kuposa mmene nambala yake ikuonetsera, chifukwa DNA imathyoka malo ambiri nthawi imodzi selo lisanapeze mpata wodzikonza. N'chifukwa chake mlingo wa patsiku ukakwera, mlingo wonse uyenera kutsika, ndipo kuiwala zimenezi n'kumene kunavulaza amayi a RAGE. Azakhali anu sanalakwiridwe. Masiku 25 ndi thandizo labwino limene linapulumutsa anthu ochuluka, ndipo maiko ambiri anachedwa kulisiya. N'kuthekanso kuti matenda awo anali atafika m'timwanabele ta m'khwapa, pamene ngakhale lero madokotala ambiri amasankha masiku 15. Funsani dokotala wa akulu anu ngati padzakhala masiku ena owonjezera pamalo enieni pamene panali chotupa, chifukwa amayi ena, makamaka achicheperepo kapena amene khansa yawo ndi yaukali, amawonjezeredwa.

Pali malire a zimene FAST-Forward anatiphunzitsa. Ambiri mwa odwala ake anali ndi zotupa zazing'ono zopezeka msanga, ndipo ambiri anali azungu. Palibe chifukwa cha sayansi choganizira kuti cheza chimapha khansa mosiyana m'bere la mayi wakuda, ndipo ine ndikanakhala ndi mlongo wanga pamalo a akulu anu ndikanamuuza kuti alandire masiku 5 mosazengereza. Komabe zimandiwawa kuti m'makafukufuku ambiri otere anthu akuda ndi owerengeka, moti zinthu ngati mmene khungu lakuda limasinthira zinalembedwa mochepa kwambiri. Madokotala a ku Tata Medical Center ku Kolkata anaona vuto lomweli kwa odwala awo, amene ambiri amafika matenda atakula, ndipo anayambitsa kafukufuku wawo wotchedwa HYPORT kuti ayese masiku 5 pa amayi a ku India. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kwathu ku Malawi, kumene kwa zaka zambiri wofuna radiotherapy ankachita kutumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, ndipo makina angoyamba kumene kugwira ntchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre, nkhaniyi ndi yaikulu. Malo amene mayi mmodzi amatenga pamakina kwa masiku 25 angathandize amayi 5. Kwa mayi wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje, amene akugona kwa achibale m'tauni pamodzi ndi womudikirira, munda ndi ana atazisiya, sabata imodzi ndi masabata 5 ndiko kusiyana kwa kumaliza thandizo ndi kulisiyira panjira. Koma abale akumudzi asamve kuti khansa iliyonse tsopano ndi ya masiku 5. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri kwathu, imafunabe masabata 5 a kuwotcha kunja pamodzi ndi mankhwala a cisplatin, kenako kuwotcha kwa mkati, zonse zithe pasanadutse masabata 8. Khansa iliyonse imafuna umboni wakewake.

Ndikuuzeni zimene akulu anu akaone, kuti muwakonzekeretse. Ulendo woyamba sawotchedwa. Amagona chagada pabedi louma la makina a CT, ojambula mkati mwa thupi, mikono itakwezedwa pamwamba pa mutu n'kutsamira pazogwirizira, ndipo zipatala zambiri zimaika timadontho tiwiri kapena titatu ta inki pakhungu, tating'ono ngati nsonga ya cholembera, toti tiziwathandiza kuwagoneka chimodzimodzi tsiku lililonse. Ngati mkono ukuvutabe kukwera chifukwa cha opaleshoni, ayambiretu masewera amene anawapatsa, chifukwa akhala choncho mphindi 10 kapena 15. Popeza ndi bere lakumanzere, mwina awaphunzitsa kukoka mpweya wambiri n'kuugwira masekondi pafupifupi 20. Mapapo akadzaza amakankhira mtima kutali ndi nthiti, ndipo makina amawomba nthawi imeneyo yokha. Zimenezinso zinachokera m'kafukufuku. Mu 2013 Sarah Darby wa ku Oxford, atasanthula mbiri za amayi 2,168 a ku Sweden ndi Denmark, anaonetsa kuti gray iliyonse yofika pamtima imakweza chiopsezo cha matenda a mtima m'tsogolo. Aziyeserera kugwira mpweyako kunyumba atagona pabedi, inu mukuwerenga.

Pa kuwotcha kwenikweni samva kutentha kapena kupweteka, amangomva kulira kwa makina akuzungulira. Ogwira ntchito amatuluka koma amawaona pa kamera ndipo amalankhula nawo. Akatuluka m'chipindamo cheza sichitsalira m'thupi, atha kuphika, kunyamula mwana ndi kugona bedi limodzi ndi amuna awo. Chimene chimadzidzimutsa ambiri pa masiku 5 n'chakuti khungu limayamba kusintha thandizo litatha kale, patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Timabuku ta kuchipatala timanena za khungu kufiira. Pa ife silifiira kawirikawiri, limada kwambiri, nthawi zina limatuwa kapena kunyezimira, limayabwa, ndipo pansi pa bere, pamene thukuta limakhala, litha kusupuka. Nesi amene akuyang'ana kufiira atha kunena kuti zonse zili bwino pamene munthu akumva kuwawa. Akulu anu anene zimene akumva, ayerekeze ndi bere linalo, ndipo asapakepo mankhwala achikuda kapena mafuta oyeretsa khungu. Kudako kumachepa pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. Kutopa nako kumabwera, nthawi zina kumatenga masabata.

Tsopano mapepala aja. Mantha a abale anu sindiwapeputsa, chifukwa ali ndi pochokera. Ku Tuskegee ku America, kuyambira 1932 mpaka 1972, amuna akuda mazanamazana odwala chindoko ankangoyang'aniridwa osapatsidwa mankhwala, ngakhale penicillin atapezeka, kuti madokotala aone mmene matendawo amawonongera thupi. Anthu amenewo sanauzidwe zoona. Malamulo amene alipo lero anakhwimitsidwa chifukwa cha nkhanza ngati zimenezo. Ku Britain kafukufuku sangayambe komiti yoima payokha, momwe mumakhalanso anthu wamba, isanawerenge pepala lililonse limene wodwala adzapatsidwe, monganso kwathu ofufuza amayenera kudutsa ku komiti ya dziko yoona za kafukufuku wa zaumoyo kapena ku komiti ya yunivesite ya zaumoyo ku Blantyre. Palinso kagulu kena ka akatswiri amene sali nawo m'kafukufukuyo, amene amasuzumira zotsatira ali mkati ndipo ali ndi mphamvu yolangiza kuti aimitsidwe gulu lina likayamba kuoneka kuti likuvulala.

Za kompyuta zija ndi zimene zimakhumudwitsa anthu ambiri, chifukwa munthu amafuna dokotala wake amusankhire chabwino. Taganizirani mlimi amene akufuna kudziwa ngati mbewu yatsopano ya chimanga ikuposa yakale. Akabzala yatsopano kumunsi kwa munda kumene kuli chinyontho, yakale n'kuibzala kumtunda pamchenga, pokolola sangadziwe ngati yapambana ndi mbewu kapena nthaka. Ife madokotala tikamasankha tokha timachita zomwezo mosazindikira. Wodwala wooneka wamphamvu timamuika ku njira yatsopano, wofooka timamusiya ku yakale, ndipo pamapeto pake njira yatsopano imaoneka yopambana pamene sinapambane. Maere amachititsa kuti magulu onse akhale ndi achikulire, achichepere, onenepa, osuta ndi odwala shuga mofanana. Ndipo kompyutayo siyang'ana khungu kapena dzina posankha. Imakhala ku ofesi yakutali, dokotala sangaikakamize ngakhale atafuna. Lamulo lina n'lakuti maere amaloledwa pokhapokha ngati akatswiri sakudziwadi njira yopambana pakati pa ziwirizo. Likanakhala lodziwika yankho, kumugawa munthu mwamaere kukanakhala mlandu.

Makafukufuku onse salemera mofanana, ndiye chinthu choyamba ndi kuona kuti uyu ndi wamtundu wanji. Ena sasintha thandizo ngakhale pang'ono, amangopempha magazi pang'ono, zithunzi kapena mayankho a mafunso. Ena amayerekeza njira ziwiri zowotchera, monga kuwotcha mbali ya bere m'malo mwa lonse, kapena kugwiritsa ntchito makina amtundu wina. Olemera kwambiri ndi amene amafunsa ngati amayi ena angasiyiretu kuwotchedwa. Chitsanzo ndi PRIME II wa Ian Kunkler wa ku Edinburgh, wa amayi 1,326 a zaka 65 kupita m'mwamba okhala ndi zotupa zazing'ono zomvera mapiritsi a mahomoni. Patatha zaka 10, khansa inabwerera m'bere kwa 9.5 pa 100 a osawotchedwa, ndi kwa ochepera 1 pa 100 a owotchedwa, ngakhale kuti chiwerengero cha okhala ndi moyo chinali chofanana. Mayi wina atamva zimenezi amati bola ndisavutike ndi makina, wina amati sindikufuna kudzagonanso pa tebulo la opaleshoni. Onse awiri akuganiza bwino.

Akulu anu akabwerera kwa nesi, apite ndi inu kapena munthu wina wolemba, ndipo afunse mosachita manyazi kuti akapanda kulowa alandira chiyani, ndipo akalowa gulu lililonse lilandira chiyani chosiyana ndi chimenecho. Yankho likakhala losamveka, afunsenso mpaka limveke. Afunse choipa chenicheni chimene ofufuza akuopa m'gulu latsopano, kuchuluka kwa maulendo owonjezera ndi amene alipire mayendedwe, ngati kulowa kuchedwetsa tsiku loyamba kuwotchedwa, ndi zaka zimene adzatsatiridwe. Funso lomalizali ndi lofunika kwa anthu ngati ife amene mwina tidzabwerera kumudzi zaka 10 zisanathe. Ngati akutenga magazi kapena kachidutswa ka chotupa, pepalalo liyenera kunena kumene zikasungidwe ndi ntchito yake, ndipo kawirikawiri pamakhala bokosi lapadera loti munthu avomere kapena akane mbali imeneyo yokha. Chingerezi cha m'mapepala otere chimavuta ngakhale kwa odziwa chinenerocho, choncho ali ndi ufulu wopempha womasulira ndi wotenga mapepalawo kupita nawo kunyumba.

Akakana, palibe chimene chisinthe. Adzawotchedwa tsiku lomwelo, ndi makina omwewo ndi anthu omwewo, ndipo sayenera kupereka chifukwa. Akasaina lero n'kusintha maganizo mawa, atha kutuluka. Zimenezi sizikhudza viza, ntchito kapena mapepala awo okhalira m'dzikomo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati gulu loyerekezera likulandira thandizo lokhazikika, ndipo akulu anu atamva bwino za magulu onse akuona kuti lililonse limene angagwere angalilandire ndi mtima umodzi, ine ndingawalimbikitse kulowa. Mapulani a odwala a m'kafukufuku wa radiotherapy ku Britain amawunikidwanso ndi gulu lina loona za ubwino wa ntchito, ndipo odwalawo amatsatiridwa mosamalitsa. Ndimafunitsitsanso kuona amayi akuda ambiri m'mabuku amene madokotala a mawa adzawerenge. Koma ngati pali gulu limodzi limene akalimva mtima ukuti ayi, asasaine poyembekeza kuti maere awakomera, chifukwa atha kugwera lomwelo.

Abale kumudzi muwafotokozere mwaulemu, ndipo amuna awo ndi ana amve nawo, koma siginecha ndi ya akulu anu okha, ndipo palibe wina angawasainire kapena kuwakaniza. Chimodzi chokha ndikuchondererani: zokambirana za kafukufuku zisachedwetse kuwotchako. Tsiku la CT likaperekedwa apite, kaya asankha kale kaya ayi, ndipo masiku 5 aja akayamba asadumphe ngakhale limodzi. Likagwa vuto la mayendedwe kapena la ntchito, aimbire foni ku dipatimenti ya radiotherapy m'mawa womwewo kuti awapezere ola lina.